Seljuk, Seljuq, Saljuq: ndigwire liti?

Nachisale_T: Akuluakulu thandizeni msanga. Ndikumasulira mitu iwiri ya buku la nkhondo za Crusade (za Akhristu a ku Ulaya ndi Asilamu polimbirana Yerusalemu), Chingerezi kupita m'Chichewa. Olemba ndi angapo ndipo aliyense walemba dzina mwakemwake: uyu Seljuk, uyu Seljuq, winayo Saljuq, pena mpaka Seljukid. QA (chofufuza zolakwika) ya memoQ, pulogalamu yomasulira ija, yangofiira mbali yonse, termbase (mndandanda wa mawu ovomerezeka) ya kasitomala ilibe kanthu, style sheet (malangizo a kalembedwe) nayo zii. Ndi anthu amodzi kapena mafuko osiyana? "The Seljuks" ndi "the Seljuk sultan" ndizitani? Mkonzi akufunanso footnote ya tanthauzo la dzinalo. Ndipereke Lachisanu.

Aphunzitsi_Mbiri: Ndi banja limodzi, mayi. Dzinali ndi la munthu, Seljuk mwana wa Duqaq, mtsogoleri wa mbumba ya Qiniq mwa Aturki a Oghuz. Anakhazikika ku Jand, m'mbali mwa mtsinje wa Syr Darya, n'kulowa Chisilamu chakumapeto kwa zaka za m'ma 900. Mwiniwakeyo sanakhalepo sultan, musamupatse udindowo. Ufumu anaumanga ndi adzukulu ake, Tughril ndi Chaghri, atagonjetsa mafumu a banja la Ghaznavid ku Dandanaqan mu 1040, kenako Tughril analowa mu Baghdad mu 1055.

Malembedwe amasiyana malinga ndi kumene wolemba anatunga. Mbiri yawo inalembedwa kwambiri m'Chiarabu ndi m'Chiperisiya, ndiye akatswiri otsata zilembozo ndendende amaika q poimira chilembo cha Chiarabu chotchedwa qaf, n'kutuluka Saljuq. Britannica imalemba Seljuq. Mabuku a anthu wamba amakonda Seljuk. Seljukid ndi dzina lomwelo lawonjezedwa -id, kamchira kamene Chingerezi chimamata pa maina a mabanja olamulira, monga Abbasid ndi Fatimid. Buku lanu ngati ndi la ana asukulu tengani Seljuk.

Gogo Chalo: Nonse mukuvutikiranji? Lembani Aselijuki basi. Chichewa sichitsiriza mawu ndi k. Baibulo linati Aroma, linati Aperisi, palibe anadandaula.

Proof_Zomba: Agogo, Aroma anthu anawazolowera kalekale kutchalitchi. Aselijuki mwana akakalifufuza pa intaneti sapeza kanthu, ndipo index ya bukulo ikhala yosagwirizana ndi mapu, amene nthawi zambiri amabwera ngati zithunzi zosasinthika. Achemwali, m'Chingerezi mawuwa amagwira ntchito ziwiri, choncho mu termbase muikemo mizere iwiri. "The Seljuks" akhale "a Seljuk", koma potchula koyamba mulembe "mafumu a banja la Seljuk" kuti wowerenga asayese kuti ndi munthu mmodzi amene tikumulemekeza. Dzinalo likakhala lofotokoza chinthu, mgwirizano utsate chinthucho: sultan wa banja la Seljuk, asilikali a Seljuk, ufumu wa Seljuk. Seljukid ndi Seljukian zilozeni ku mizere yomweyo.

Pofufuza gwiritsani regex (zizindikiro zogwira malembedwe onse nthawi imodzi) iyi: S[ae]ld?[jç][uūü][kqḳ]. Igwira ndi Saldjūḳ yemwe, malembedwe a Encyclopaedia of Islam yakale. Koma Replace All, batani losintha zonse nthawi imodzi, musayerekeze. Mawu ogwidwa kwa wolemba wina komanso maina a mabuku kumapeto amasiyidwa momwe alili. Pitani segment ndi segment, chiganizo ndi chiganizo.

Aphunzitsi_Mbiri: Kuwonjezera pa chenjezolo, regex imeneyo igwiranso Selçuk, tauni ya ku Turkey yoyandikana ndi mabwinja a Ephesus, komanso Selçuk University ya ku Konya. Amenewo ndi maina a lero, asakhudzidwe. M'Chiturki ç amatchulidwa ngati ch wathu, ndipo banjali amalitcha Selçuklular. Muonenso font ngati ili ndi ç ndi ū, apo ayi PDF ituluka ndi timabokosi.

Gogo Chalo: Mwaona? Timichira ndi timadontho, zonsezo Aselijuki alibe. Wowerenga pa wailesi adzatchula bwanji Saljūq?

Proof_Zomba: Agogo, ili ndi buku, si wailesi. Katchulidwe kakhoza kulowa mu footnote kamodzi.

Mai_Index: Ine nkhawa yanga ili pa footnote ya tanthauzoyo. Musalembe kuti dzinali limatanthauza chakutichakuti ngati nkhani yotha. Akatswiri amatsutsana: ena amalichotsa ku sel, madzi osefukira, ena ku sal, phaka lowolokera pamadzi, ndipo sagwirizana ngakhale pa funso lakuti poyamba linali Selchük kapena Salchuq. Chotetezeka ndi kunena kuti banjali linatenga dzina la kholo lake, n'kulekera pomwepo.

Msampha waukulu ndi wina. Maufumu a dzinali ndi angapo. Pali Great Seljuk, wa Alp Arslan amene anagwira mfumu ya ku Byzantium, Romanos IV Diogenes, ku Manzikert mu 1071, ndi Malik-Shah amene anamwalira mu 1092. Ndiye pali nthambi ya ku Anatolia (ku Turkey wa lero), Sultanate of Rum, likulu lake poyamba Nicaea kenako Konya, imene a Mongol anaigonjetsa ku Köse Dağ mu 1243. Amene anamenyana ndi a Crusade yoyamba ku Nicaea ndi ku Dorylaeum mu 1097 ndi Kilij Arslan wa nthambi ya Rum. Mukawaphatikiza mu index, wowerenga adzayesa kuti Baghdad ndi Konya zinali pansi pa sultan mmodzi zaka zonsezo. Rum ndi dzina lawo la dziko la Aroma a ku Byzantium. Mulitseke mu termbase, chifukwa MT (makina omasulira okha) ikalipeza imaliyesa rum, kachasu wa nzimbe uja.

Aphunzitsi_Mbiri: "Great" nayenso musamumasulire kuti "otchuka". Akusiyanitsa ufumu waukulu ndi nthambi zake za ku Rum, Kirman ndi Syria. Sanjar, sultan wa Great Seljuk, atamwalira mu 1157 ufumu waukuluwo unali utatha kale mphamvu.

Gogo Chalo: Chabwino, sungani k wanuyo. Nanga Ghaznavid ndi Zengid akubwera m'mitu yotsatirayo mudzawasiyanso choncho? Buku lonse lidzakhala Chingerezi chovala chitenje. Ine ndikuti Aselijuki.

Mai_Index: Zengid ndi nkhani ina agogo, Zengi, kholo la banjalo, anali atabeg (mkulu wolera mwana wa sultan ndi kulamulira chigawo), sanali wa magazi a Seljuk. Anachisale, mwafunsa kasitomala ngati mapu angasinthidwe? Ngati pamapu pali Seljuq wa q ndipo sangasinthe, zonse takambiranazi zitembenuka.