Swift Sport: ya turbo kapena yopanda turbo?

Chiwongolero: Akuluakulu, ndithandizeni. Pakati pa Suzuki Swift Sport ZC32S (1.6 yopanda turbo) ndi ZC33S (1.4 ya turbo), nditenge iti?

Sipanala10: Achimwene, musangoyang'ana mahatchi (horsepower, muyeso wa mphamvu ya injini), chifukwa 136 a ZC32S ndi 140 a ZC33S sasiyana kwenikweni. Kusiyana kuli pa mphamvu yokoka. ZC32S imapereka 160 Nm (muyeso wa mphamvu yokoka) pa 4,400 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi), ndiye imafuna muziyikwiyitsa ndi giya yotsika. ZC33S imafika 230 Nm kuyambira 2,500 rpm, mukangoponda pang'ono yanyamuka. Komanso kumtunda mpweya ndi wopepuka: injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 1 peresenti pa mamita 100 alionse, ndiye ku Lilongwe yatsika kale ndi 10 peresenti. Turbo imakankha mpweya wambiri m'injini n'kubweza gawo lalikulu la mphamvuyo.

Mpiringidzo: Zoona, koma turbo imafuna chisamaliro. Shafti yake imazungulira kupitirira 100,000 rpm itayandama pa oyilo. Thirani oyilo wa synthetic, sinthani pa makilomita 5,000 alionse pamodzi ndi fyuluta. Mukathamanga kwambiri, isiyeni injini ilire mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse, apo ayi oyilo amapserera m'ma bearing n'kutseka tinjira take. Utsi wabuluu ku ekisozi ndi chizindikiro choti turbo yayamba kudontha oyilo. Vuto lina: ZC33S imapopera petulo m'silinda mwachindunji, ndiye mwaye umaunjikana pa ma valve olowetsa mpweya.

Sipanala10: Musanalipire ZC33S, vulani paipi ya intercooler (choziziritsira mpweya wochokera ku turbo). Mukapeza oyilo wadikha m'katimo, isiyeni galimotoyo.

Mpiringidzo: Ngati makaniko wodziwa turbo ali kutali, tengani ZC32S, bwana.