Apolisi anandizimitsira dansi mapepala ndili nawo, kodi ndingawatengere kukhoti?

Membala wobisa dzina:

Akuluakulu a pagulu pano, makamaka odziwa malamulo, ndigawireniko nzeru. A admin mundibisire dzina chonde, kwathu kuno timadziwana tonse.

Ndimakhala kuchigwa cha Shire, pa trading ina mukatsika Thabwa. Geni yanga ndi yokonza madansi: kubwereka holo, kuitana bandi kapena DJ, anthu n'kumalipira pakhomo. Timatchera kumapeto kwa mwezi anzathu a m'minda ya nzimbe akalandira, kapena nyengo imene alimi agulitsa thonje ndi chitowe.

Mwezi wathawu ndinaitana bandi ya ku Blantyre. Kalata yodziwitsa apolisi ndinapereka kudakali nthawi, anaidinda, ina ndinasunga. Holo ili ndi chiphaso cha khonsolo. Anthu atadzaza, oimba atangoyamba kumene, inatulukira galimoto ya apolisi. Akuti zimitsani jenereta, aliyense azipita kwawo. Panalibe ndewu, panalibe wogenda mwala. Nditafunsa chifukwa, mmodzi anati anthu adandaula phokoso, wina anati ndi lamulo lochokera kumwamba. Pepala lililonse sanandionetse.

Anthu anafuna ndalama zawo, ndinabweza, olowera pazenera omwe analandira nawo. Mipando inathyoka pokankhana pakhomo. Bandi inali italandira kale theka, ndipo theka limenelo ndi ngongole ya banki mkhonde ya mayi a kunyumba. Nditapita kukadandaula kwa mkulu wa apolisiwo anangoti zinatha zimenezo, mudzakonze lina.

Mnzanga wina wanditchulira za judicial review. Imeneyi imayenda bwanji? Ndalama zanga zingabwerere? Ndipo pa Khirisimasi ndakonzanso lina, ndipange bwanji kuti zisachitikenso?

Mkamwini wa ku Ngabu:

Achimwene, boma simulimbana nalo. Apolisi omwewo mudzawafuna mbuzi zikadzabedwa. Pukutani misozi, ulendo wina muzikawaona kaye madzulo dansi lisanayambe, mukundimva.

Mwana wa ku Makhanga:

Ndiye mukuwaphunzitsa ziphuphu pagulu pano? Ndalama imeneyo ikazolowereka mwezi wamawa imakwera.

Mayi a Fatsani:

Pepani ndi zomwe zinakuonekeranizo bambo, koma ifenso mutimvere. Mwezi wa Okutobala kuno m'nyumba simugoneka, tonse timayala mphasa panja. Ndiye masipika anu aja kuyambira madzulo mpaka tambala kulira, mwana mawa ali ndi mayeso, agogo akudwala BP. Ine kuimbira apolisi ndinaimbirapo, sindibisa.

Membala wobisa dzina:

Mayi, ndikumva. Akanandiuza kuti chepetsani phokoso kapena mutseke 12 koloko ndikanamvera. Koma nthawi inali isanakwane ndi 10 yomwe.

Wa malamulo ku Blantyre:

Bambo, ndiyankhe motalikirako, koma mukapezebe loya aone mapepala anu ndi maso.

Choyamba onani kalendala. Paja amati mlandu suwola, koma uwu umawola. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu ku High Court a 2017 amati pempho la judicial review, kutanthauza kupempha khoti liunike ngati chiganizo cha a boma chinatsata lamulo, lipite msanga, isanathe miyezi 3 kuchokera tsiku limene chiganizocho chinapangidwa. Khoti likhoza kuwonjezera nthawi, koma pamafunika chifukwa chomveka. Mwezi umodzi mwadya kale.

Nkhani imeneyi siipita kwa majisitireti wa kwanuko. Mphamvu younika zochita za boma ili ndi High Court, pa ndime 108 ya Malamulo Aakulu a dziko, ndiye kwa inu ndi ulendo wokwera phiri kubwera ku Chichiri. Mumayamba mwapempha chilolezo kwa jaji, iye aone ngati nkhaniyo ili ndi mutu komanso ngati ikukukhudzani inuyo mwini. Akalola m'pamene apolisi amaitanidwa kuti adzayankhe. Zambiri zimayenda pa mapepala olumbirira, si zoimika mboni tsiku lonse ayi.

Chimene anthu ambiri samvetsa n'chakuti jaji safunsa ngati dansi lanu linali labwino kapena loipa. Amafunsa apolisi kuti: mphamvu yotsekera munaitenga m'lamulo liti? Munthuyu munamumva mbali yake? Panalibe njira ina yopepuka kuposa kubalalitsa anthu onse? Ndime 43 imati zochita za akuluakulu a boma zikhale zotsata lamulo ndi zachilungamo, ndipo munthu amene zamukhudza ali ndi ufulu wopatsidwa zifukwa zolembedwa. "Lamulo lochokera kumwamba" si chifukwa. Ndime 38 imateteza kusonkhana mwamtendere, ndime 29 imateteza kupeza zosowa za moyo wanu kudzera mu geni. Maufulu amenewa ali ndi malire, zoona, koma ndime 44 imati malirewo akhale olembedwa m'lamulo, oyenera komanso ofunikadi. Udindo wosonyeza zimenezo ndi wa amene watseka.

Apolisi nawo sadzabwera chimanjamanja. Ntchito yawo ndi kuteteza bata, ndipo akadzaonetsa kuti anali ndi uthenga wodalirika woti pachitika chipolowe, kapena holo inadzaza moopsa, khoti limawamvera. N'chifukwa chake mawa lomwe lembani kalata kwa mkulu wa polisiyo yopempha zifukwa zolembedwa, mutchule ndime 43, ina mupereke kwa DC, yanu akudindireni. Akayankha mwadziwa chomwe mukulimbana nacho. Akakhala chete, loya wanu adzauza jaji kuti munapempha sanayankhe.

Za ndalama musayembekeze zambiri panjira imeneyi. Chachikulu chimene imatulutsa ndi chigamulo choti zomwe anachitazo zinali zosemphana ndi lamulo, kapena chiletso choti asadzabwereze. Chipukuta misozi nthawi zambiri chimafuna mlandu wosumira boma kudzera kwa Attorney General, loya wamkulu wa boma, mutayamba mwamulembera kalata yomudziwitsa. Pamenepo adzafuna malisiti: mgwirizano ndi bandi, lendi ya holo, mafuta a jenereta, zitsa za matikiti. Ndipo boma kulipira limachedwa, ngakhale mutawina.

DJ wa pa Dyeratu:

Abwana a malamulo, zimatheka koma munthu wamba kuwina apolisi?

Wa malamulo ku Blantyre:

Zinachitikapo. Mu 2017 High Court inathetsa mbali ya lamulo la vakabu pa mlandu wa Gwanda, ndipo anakasuma anali wogulitsa majumbo. Mu 2022 High Court ku Zomba inagamula kuti mchitidwe wosesa anthu mwachisawawa ndi wosemphana ndi Malamulo Aakulu, pa nkhani ya anthu amene anagwidwa usiku ku Kasungu, mmodzi mwa iwo DJ ngati inu. Kumbukiraninso Epulo 2020, khoti linaimitsa m'bindikiro wa masiku 21 usanayambe n'komwe. Koma milandu yotere kawirikawiri pamakhala mabungwe oikankha, loya wa m'thumba mwanu ndi wodula. Yesani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza amene sangakwanitse kulipira loya, amayamba aona kapezedwe kanu.

Wopuma pa ntchito ya boma:

Mwana wanga, musanakwere phirilo yang'anani m'chikwama mwanu. Kalata yodinda ija ndi yodziwitsa chabe, si chiphaso. Lamulo la 1968 la Censorship and Control of Entertainments limanena za chiphaso cha zisangalalo za pagulu. A COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, nawonso amafuna laisensi ya nyimbo zoimbidwa pagulu. Ngati mumagulitsa mowa, chiphaso chake chili ndi maola ake. Zonsezi munali nazo? Chifukwa loya wa boma adzayambira pomwepo.

Membala wobisa dzina:

Bambo, cha holo ndi cha mowa zilipo, za mwini holo. Cha COSOMA ndinalipira chaka chino. Cha zisangalalocho ndikafunsa mwini holo ngati chake chimakwanira kapena ndimayenera kutenga changa.

Wa malamulo ku Blantyre:

Mufunse lero. Chikasowa, mlandu wanu wafooka, ngakhale kuti usiku umenewo chifukwa chimene anakupatsani sichinali chimenecho. Pa za Khirisimasi: konzani ziphaso zonse, lembani kwa apolisi ndi kwa DC kudakali milungu ingapo, mutchule ola loyambira, ola lotsekera ndi chiwerengero cha anthu amene holo imalola, ndipo mupemphe kuti ngati ali ndi chotsutsa alembe. Akakana molemba nthawi ilipo, loya akhoza kuthamangira kukhoti kukapempha chiletso dansi lisanafike. Akakuzimitsirani usiku, palibe jaji amene angakuyatsireni jenereta.

Ngati thumba silikulola za khoti, kuli Independent Complaints Commission, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la apolisi la 2010 kuti izimva madandaulo okhudza apolisi, kulinso ofesi ya Ombudsman. Kudandaula kumeneko n'kwaulere. Kungoti musadalire kuti miyezi 3 ija iima chifukwa mwakadandaula kumeneko.

Mayi a Fatsani:

Ndipo mukauzenso amfumu ndi oyandikana nanu. Mukatiuza kuti 12 koloko mutseka, n'kutsekadi, foni sitigwira. Masipika muziwalozetsa kumsewu, osati kumudzi.

Mkamwini wa ku Ngabu:

Ine ndiye ndanena kale. Tidzamve mukadzabwerako ku Chichiri.

Membala wobisa dzina:

Takhuta nonse. Kalata yopempha zifukwa ndilemba usiku uno. A malamulo, ndilembe m'Chichewa kapena mpaka Chingerezi? Ndipo anyamata awiri anajambula vidiyo pa foni apolisi akulankhula, kodi imeneyo khoti limalandira?

Wa malamulo ku Blantyre:

Lembani m'Chingerezi, poti ikhoza kudzalowa m'mapepala a kukhoti, mwachidule, tsiku, ola ndi mawu amene ananena. Vidiyo isachoke m'mafoni amene anajambulirawo, musaidule ndipo musaiponye pa Facebook. Ojambulawo muwafunse ngati angalole kudzalumbira kuti anajambula ndi iwo.