Mwana wa autism akadwala mwadzidzidzi, mumatani kuchipatala?

Mayi wa ku Kapata:
Makolo anzanga, ndigawireniko nzeru. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 7, ali ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limasokoneza kulankhula ndi kucheza ndi anthu) ndipo salankhula. Sabata yatha thupi linatentha kwambiri usiku, tinathamanga naye kuchipatala china. Pabenchi anthu anali thothotho, makanda akulira, magetsi akuthobwa m'maso. Mwana anatseka makutu n'kuyamba kumenyetsa mutu kukhoma. Kuti amubaye chala poyeza malungo anachita kumupanikiza anthu atatu, wina n'kundifunsa kuti, "Amayi, mwana ameneyu mumamulera bwanji?" Malungo anapezekadi, Coartem wamaliza, koma tsopano akangoona wovala zoyera amakuwa. Zikadzachitikanso ndidzatani?

Nesi wa ku Katete:
Pepani mayi. Ife ku casualty, kolandirira odwala mwadzidzidzi, timadalira wodwala kutiuza pamene pakuwawa, ndiye mwana wosalankhula pakamwa pake ndinu. Musadikire kuti ayambe kuvuta. Mukangofika patebulo lolembera odwala nenani kuti ali ndi autism, phokoso limamusokoneza, ndipo pemphani kudikira panja kapena pakona, akuitaneni nthawi yanu ikakwana. Pokhapokha ngati akubanika, akukomoka kapena akutaya magazi, pamenepo palibe zodikira.

Lembanitu kapepala lero mtima uli m'malo: mankhwala amene amamwa, amene amamuwenga, zimene amaopa, zimene zimamukhazika mtima pansi, ndi mmene amasonyezera ululu. Muzikasunga pamodzi ndi khadi lake. Usiku mwana ali moto simungakumbukire zonse.

Chimene chimandidandaulitsa kwambiri n'chakuti mwana wotere akayamba kudziluma kapena kukana chakudya, aliyense amati ndi autism yakeyo. Chonsecho mwina ndi dzino, khutu, kudzimbidwa kapena mkodzo ukumuwotcha. Inu mukati "si mmene amakhalira," kakamirani amuyeze thupi lonse. Pomuyeza azilankhula munthu mmodzi, mawu ochepa. Choyezera kutentha chiyambe chaikidwa kukhwapa kwanu iye akuona. Ngati kugwira sikungapeweke, mumufungatire ndinu pamiyendo, osati alendo kumugoneka chagada. Akamuika kanula ya dripu pemphani aikulunge bandeji, apo ayi aizula.

Bambo wa ku Lundazi:
Asisita anena zoona, koma tisanamizane, pali masiku amene nesi ali yekha ndipo mzere wafika panja. Kapepalako sawerenga. Ine ndimangonena mawu awiri pakhomo, "salankhula, amagwa," basi amatcheuka.

Wanga ali ndi khunyu, ndipo anandiuza kuti ana ena a autism amakhalanso nalo. Akagwa mugonekeni chammbali, chotsani zinthu zomupweteka pafupi, m'kamwa musaikemo sipuni kapena chala. Yang'anani nthawi pafoni. Zikapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, nyamukani. Wina ajambule kavidiyo, chifukwa pofika kuchipatala zimakhala zatha ndipo adokotala amafuna kudziwa mmene anagwera. Nambala ya wa takisi wodalirika ikhale m'foni, njinga yamoto ndi mwana amene akuphiriphitha ndi ngozi ina.

Agogo a ku Chadiza:
Ine ndikulera mdzukulu wotere. Chikwama chathu chimakhala chomangiratu kuseri kwa chitseko. Muli chitenje chake chakale chimene amafunda kumutu, kapu yake yabuluu, poti ina samweramo ngakhale ludzu litamupha, ndi zitsekerero za mabotolo zimene amandandalika pansi. Anthu pabenchi amaseka, ine ndilibe nazo ntchito.

Chenjerani ndi achibale. Mwana akatentha ena amati tiyambe tapita kwa sing'anga, anamulodza. Ena amati wotere ndi wa ku Chainama, chipatala cha matenda a maganizo ku Lusaka. Lusaka ili pa mtunda wa makilomita opitirira 500, pamene malungo kapena bala la moto amachiza konkuno, kaya ku Chipata Central, ku Mwami kapena ku St Francis.

Mayi wa ku Kapata:
Zikomo nonse. Kapepala ndalemba, abambo ake aikanso m'foni mwawo. Asisita, nanga mantha a zovala zoyerawa? Ndingamapite naye kukiliniki ali bwinobwino kuti azolowere, kapena andithamangitsa?

Nesi wa ku Katete:
Pitani masana mzere utatha, muyambe mwapempha kwa in-charge, mkulu wa pakilinikipo. Akwere pasikelo, apatse moni, muzibwerera. Tsiku limenelo jakisoni ayi.