Minofu ikungogunda yokha, kodi nkhawa zingachititse zimenezi?

MtsikanaWaKuArea25:
Abale ndithandizeni. Chiyambireni mavuto a kuntchito chikope chakumanzere chikumangogunda, pano zafika mpaka kukatumba ndi pantchafu, ndikakhala phee ndikuchita kuona khungu likudumpha ngati muli kanyongolotsi mkatimo. Usiku mtima umathamanga, zala kuchita dzanzi. Kuchipatala anayeza BP, shuga ndi malungo akuti zonse zili bho, nkungondiuza kuti ndichepetse maganizo. Koma zoona maganizo angagwedeze mnofu? Agogo akuti ndi malodza. Ndili ndi mantha heavy.

NesiWaNightShift:
Achemwali pepani, koma eya zimatheka ndithu. Munthu ukakhala ndi nkhawa thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline, limakonzeka ngati ukufuna kuthawa chinachake, ndiye minofu imakhala yokungika tsiku lonse osapuma ndipo timitsempha tomwe timailamula timayamba kutumiza uthenga tokha, nkugunda kumeneko. Dzanzi la zala nthawi zambiri limabwera chifukwa chopuma mothamanga osazindikira, mpweya wa carbon dioxide umachepa m'magazi ndiye zala ndi milomo zimachita nyerenyere. Chovuta nchoti ukayamba kumuyang'anira katumba uja mphindi iliyonse mantha amawonjezeka, adrenaline nayenso amawonjezeka, kugunda kuja nkumapitirira.

Koma mumve bwino apa. Mukaona kuti dzanja kapena mwendo wafooka zenizeni, kapu ikukupulumukani, mnofu ukuphwa mbali imodzi, kapena mukuvutika kumeza, bwererani kuchipatala. Kukamwa kukapotoka kapena mawu kuyamba kulemera mwadzidzidzi musadikire kuche, thamangani nthawi yomweyo. Mupemphenso akuyezeni chithokomiro, chikamagwira ntchito mopyola chimathamangitsa mtima nkunjenjemeretsa manja.

AchimweneAKuJoni:
Sisi mumamwa makapu angati a tiyi kapena khofi patsiku? Nanga ma energy drink? Ine kuno ndimagwira usiku, ndinkagona pang'ono kwinaku ndikudandaula za mapepala ndi ndalama zotumiza kumudzi, chikope chinkavina sabata ndi sabata. Nditasiya zakumwa zija ndikuyamba kugona bwino zinachepa kwambiri. Komanso musamasake zizindikiro pa Google usiku, mungopezako matenda oopsa okhaokha tulo nkuthawa.

MtsikanaWaKuArea25:
Tiyi ndimamwa ngati makapu anayi, kugona ndiye mwina 1 koloko ndili pafoni. Mphamvu m'manja zilipo, ndowa ndikunyamula bwinobwino.

NesiWaNightShift:
Mphamvuzo ndi chizindikiro chabwino. Zikakugwirani yesani kukoka mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono, potulutsa muzichedwa kuposa pokoka, kwa mphindi zingapo. Madzulo muziyendako. Ndipo nkhawazo musazisunge nokha, nazonso zimathandizidwa, ku St John of God ku Lilongwe konko kuli aphungu, kapena funsani nesi wa zamaganizo pachipatala cha boma. Mutiuze mmene zikhalire sabata yamawa.