Ulendo wa pa bwato wogona kugombe: ine, mayi akunyumba ndi galu

Nyambadwe_Joe:
Moni nonse. Ine ndi mayi akunyumba tikufuna kuthawako phokoso la mu Blantyre, tikapalase bwato kunyanja masiku awiri kapena atatu, n'kumagona m'tenti malo opanda anthu ambiri. Tonse kusambira timatha koma kupalasa sitinayambepo. Tili ndi galu wa makilogalamu 20 amene tilibe womusiyira. Maganizo athu ali pa Cape Maclear, mwezi wa Julaye, kukagona pa chilumba cha Domwe kapena Mumbo. Zingatheke? Nanga tinyamule chiyani?

MwanaWaMsodzi:
Achimwene, ulendowu ndi wotheka, koma malo ndi mwezi mwasankhazo zonse zisinthe.

Domwe, Mumbo ndi Thumbi zili m'kati mwa Lake Malawi National Park, ndipo kumalo osungira nyama zakutchire galu saloledwa. Ndiye musankhe: kuzilumbako popanda galu, kapena ndi galu koma gombe lina la pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay, lomwe lili kunja kwa pakiyo. Samalani, chifukwa tizigawo tina ta paki tili kutali ndi Cape Maclear, monga chilumba cha Boadzulu ndi phiri la Nkhudzi. Komanso Mumbo ali pafupifupi makilomita 10 kuchokera ku Cape Maclear, pamadzi akuya. Woyamba kumene asayerekeze.

Julaye ndi mwini wake wa mwera. Mphepoyi imachokera kummwera, imayamba cha mu Meyi n'kulimba mu Juni, Julaye ndi Ogasiti, ndipo ikagwira imatha masiku angapo osaleka. Ngakhale asodzi obadwira pamadzi amakokera mabwato kumtunda. Dikirani kumapeto kwa Sepitembala kapena Okutobala. Kumatentha inde, koma madzi amagona. Mvula ikayandikira kumabweranso mpoto, womwe umadzidzimutsa.

Kapalasidwe: nyamukani 5:30 m'mawa, pofika 10 koloko mukhale mwakocheza. Anthu awiri osazolowera amayenda makilomita 3 kapena 4 pa ola, choncho makilomita 6 mpaka 8 pa tsiku akukwanirani. Tsatani gombe, osapitirira mamita 100 kuchoka kumtunda, ndipo musadule pakati pomwe nyanja yalowerera kumtunda pofuna chidule. Popita yambani molimbana ndi mphepo kuti pobwerera, mikono italema, izikukankhani. Mukaona thovu loyera pamwamba pa mafunde, tulukani pomwepo.

Bwato losema la asodzi lisiyeni. Limafuna munthu amene anakulira momwemo, galu akangosuntha pang'ono lagadabuka. Bwerekani la pulasitiki kapena la fayibala, lotakata pansi, kumalo ogona alendo, ndipo muwauziretu za galuyo. Wolemera akhale kumbuyo, ndiye wowongolera. Katundu wolemera pansi penipeni, pakati, womangidwa. Nkhafi zikhale zitatu, ina yapadera, ndi chokapira madzi: chigubu cha malita 5 chodula pansi, chomangirira ndi kachingwe. Jekete zoyandamitsa muvale, osati kukhalira.

Mai_a_Tadala:
Ine ndinenepo za galu, poti ndi amene angakugubuduzeni.

Katemera wa chiwewe akhale wosapitirira chaka, ndipo khadi lake munyamule. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja agalu oyendayenda ndi ambiri. Mankhwala a nkhupakupa mumupatse kutatsala mlungu umodzi. Mukabwerako, akayamba kufooka, kukana chakudya, nkhama n'kuyera, thamangirani kwa dokotala wa ziweto, chifukwa matenda a nkhupakupa sachedwa kupha.

Yambani kumuphunzitsa panopa. Pezani kamphasa ka labala, muzimugoneka pamenepo tsiku lililonse mpaka azolowere kuti akauzidwa kugona sadzuka. Tsiku loyamba kunyanja yalani kamphasako m'bwato lili pamchenga, alowe ndi kutuluka kangapo, kenako muyese m'madzi ofika m'mawondo kwa mphindi 15. Labalayo ndi wofunika: pansi pa bwato pamaterera, galu akaterereka amachita mantha, akachita mantha amaimirira, ndipo makilogalamu 20 akatsamira mbali imodzi madzi alowa. Malo ake ndi pakati, patsogolo pa wakumbuyo.

Chachikulu: musamumangirire ku bwato. Likatembenuka chingwe chimamukokera pansi kapena kukukolani miyendo. Avale jekete yake yokhala ndi chogwirira pamsana, chingwe chikhale m'thumba mpaka mufike kumtunda. Kumtundako ndiye asamasulidwe, chifukwa pali nkhuku ndi mbuzi za eni, mbedza zotayidwa zili ndi nyambo, ndi minga ya nsomba pa matandala.

Madzi akumwa a galuyo muwerengere malita awiri pa tsiku nyengo yotentha. Mchenga wa Okutobala masana umawotcha mapazi ake. Ikani kuseri kwa dzanja lanu pansi, mukalephera kupirira masekondi asanu, nayenso sangapondepo.

Che Mapanga:
Zonse zanenedwazi n'zoona, koma ine masiku atatu ndikuwakana. Kugombe kutaliko usiku umodzi basi. Tsiku loyamba mugone pamalo pomwe mwabwereka bwato, muyesere kuligadabuza dala pamadzi osaya kuti muone mmene mungaliwongolere, kenako mawa lake mupite.

Nkhani ya gombe lopanda anthu muichepetse. Ku Mangochi gombe lililonse lili ndi mwini. Mukafika funsani kwa amfumu kapena a komiti ya pa doko, perekani kangachepe, ndipo iwowo ndi amene angakuuzeni pomwe ng'ona yaoneka posachedwa. Pewani mabango, matiti ndi pomwe mtsinje ukuthira m'nyanja. Ng'ona imagwira agalu, choncho asamwe kapena kusambira m'mphepete kukamacha ndi kukamada. Mukaona kanjira kotakata kochoka m'madzi kupita kuudzu, kali ndi ndowe zomwazika, ndi ka mvuu. Tenti isayandikire pamenepo. Mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malombe musaziganizire n'komwe.

Bwato likokereni kumtunda mamita angapo n'kulimanga ku mtengo, poti mafunde a usiku amaba mabwato. Madzi akumwa: malita 4 munthu aliyense pa tsiku, ndiye awirinu ndi galu ndi malita 10 pa tsiku. A m'nyanja muwiritse kaye. Zovala, machesi ndi foni zikhale m'ndowa yotseka bwino, jumbo yokha imabooka. Tenti ikhale ndi neti yosang'ambika, malungo kumeneko si nkhambakamwa.

Likodzo nalonso lilipo, makamaka pamadzi osaya pafupi ndi midzi pomwe pali nkhono. Pakatha milungu 6 mpaka 8 mutabwerako, pitani kuchipatala akakuyezeni. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa thupi. Kumwa tsiku lomwe mwatuluka m'madzi n'kutaya, tizilomboto timakhala tisanakule.

Nyambadwe_Joe:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Tasunthira ku Sepitembala, usiku umodzi. Nanga tikadzuka kugombeko n'kupeza mphepo yavuta, bwato ndi lobwereka, titani?

MwanaWaMsodzi:
Mukhale pomwepo. Nyamulani chakudya cha tsiku limodzi lapadera, cha galunso, ndipo mugwirizaniretu ndi eni bwato mtengo wodzakutengani pa boti la injini. Muwasiyire dzina la doko lomwe mukagone ndi ola lomwe mukuyenera kubwerera. Musananyamuke mverani chenjezo la a zanyengo pa wailesi, amalengeza mwera ukamabwera.