Kodi ndi zipangizo ziti zimene zimadya mayunitsi ambiri m'nyumba?

Mayi a ku Area 25 alemba:

Ndikupempha amene amadziwa za magetsi kuti andithandize maganizo. Mayunitsi amene kale ankatifikitsa kumapeto kwa mwezi masiku ano akutha mwezi usanafike n'pakati pomwe, chonsecho m'nyumba sitinawonjezere chipangizo chilichonse. Tili ndi giza, sitovu ya mapuleti awiri, firiji, ketulo, simbi, wailesi yakanema ndi mababu. Bambo akunyumba amakhulupirira kuti vuto ndi ana amene amakhalira kuonera kanema ndi kutchaja mafoni, moti madzulo aliwonse amayendayenda n'kumazula machaja pakhoma. Ine ndikukayika ngati zimenezi zikuthandiza. Kodi pali njira yodziwira chipangizo chimene chikudya kwambiri popanda kugula makina oyezera?

Wamagetsi wa ku Ndirande ayankha:

Mayi, ana aja akuvutika popanda mlandu. Chaja cha foni chimakoka magetsi ochepa kwambiri, moti mukhoza kudzaza foni maulendo oposa 50 yuniti imodzi isanathe. Zimene zimamaliza mayunitsi ndi zipangizo zotenthetsa: giza, sitovu, ketulo, simbi ndi hita.

Chiwerengero chake sichovuta. Chipangizo chilichonse chimakhala ndi kachikwangwani kumbuyo kapena kunsi kwake pamene pamalembedwa nambala yotsatana ndi chilembo cha W, ndipo amenewo ndi mawati. Yuniti imodzi imene mumagula ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Choncho mumachulukitsa mawatiwo ndi maola amene chipangizocho chayaka, kenako n'kugawa ndi 1,000. Wailesi yakanema ya mawati 80 ikayaka maola 5 imadya mayunitsi 0.4 basi. Puleti ya sitovu ya mawati 1,500 ikayaka mwamphamvu maola atatu mukuphika nyemba, imatha kufika mayunitsi 4.5, kutanthauza kuti mphika umodzi wa nyemba ukuposa kanema wa masiku 10.

Koma pa zonse mwatchulazo, ine ndikuloza giza. Magiza ambiri a malita 150 amakhala ndi elementi (chitsulo chotenthetsa madzi m'kati mwa thanki) ya mawati 3,000, ndipo kuti madzi onsewo achoke pa madigiri 20 kufika pa 60 pamafunika mayunitsi pafupifupi 7, omwe ndi maola opitirira awiri ikuyaka osapuma. Banja likamasamba madzi otentha m'mawa ndi madzulo, giza yokha ikhoza kudya mayunitsi oposa 200 pamwezi. M'miyezi ya Juni ndi Julayi zimafika poipa, chifukwa madzi amalowa m'thankiyo ali ozizira kwambiri komanso anthu amachedwa kutuluka m'bafa. Ngati vuto lanu layamba nyengo yozizira ino, musafufuzenso patali.

Bambo a ku Zomba ayankha:

Ndikugwirizana ndi achimwene a ku Ndirande, koma ndiwonjezere kuti makina oyezera amene mukuwafunawo muli nawo kale pakhoma, ndiwo mita yanu. Mamita olipiriratu amakhala ndi kanyale kofiira kamene kamaphethira magetsi akamagwiritsidwa ntchito, ndipo pafupi nako pamalembedwa nambala, mwachitsanzo 1000 imp/kWh, kutanthauza kuti kanyaleko kakaphethira ka 1,000 ndiye kuti yuniti imodzi yapita. Yambani mwawerenga nambala ya pa mita yanu, popeza mamita amasiyana.

Sankhani tsiku limene muli ndi mpata, muzimitse chilichonse m'nyumba, firiji ndi giza yomwe, kenako muime pa mita. Kanyale kaja kayenera kusiya kuphethira. Mukatero uzani mwana ayatse chipangizo chimodzi chokha, inu muwerenge kuti kaphethira kangati pa mphindi imodzi. Pa mita ya 1000, mukachulukitsa nambalayo ndi 60 mupeza mawati. Ketulo ya mawati 2,000 imaphethiritsa kanyaleko ka 33 pa mphindi, pamene babu la LED la mawati 9 mungaime mphindi 6 zathunthu musanaone kuphethira ngakhale kamodzi. Bambo akunyumba akadziwonera okha kusiyana kumeneku, nkhani ya machaja ithera pomwepo.

Ngati zonse mwazimitsa koma kanyale kakuphethirabe, ndiye kuti penapake magetsi akutuluka inu osadziwa. Kawirikawiri imakhala nyumba ya kuseri imene inalumikizidwa ku mita yomweyo, pampu ya madzi, kapena waya wowonongeka, ndipo pamenepo pafunika wamagetsi wovomerezeka. Mitayo musaitsegule kapena kuigwiragwira m'kati, chifukwa kutero ndi mlandu komanso mukhoza kuphedwa ndi magetsi.

Mayi a ku Mzuzu ayankha:

Ine ndikufuna kuti firiji isaiwalike, chifukwa kawerengedwe ka mawati a pa kachikwangwani kamatha kukunamizani. Mawati ake ndi ochepa poyerekeza ndi ketulo, koma ketulo imayaka mphindi zochepa n'kuzima yokha, pamene firiji imakhala pa magetsi usana ndi usiku, injini yake ikuyaka ndi kupuma mosinthana. Firiji yabwinobwino imadya yuniti imodzi kapena awiri patsiku. Yakale, imene labala wa pachitseko anatha, injini yake sipumanso, ndipo imadya mowirikiza mwakachetechete.

Poyesa labalayo, panani pepala ndi chitseko cha firiji n'kulikoka. Likatuluka mosavuta, dziwani kuti kuzizira kukuthawira pamenepo. Muonenso ngati firijiyo yagunda khoma kapena ili pafupi ndi sitovu, pakuti kumbuyo kwake kumafunika mpweya. Amene timagulitsa mafirizi ndi thobwa timadziwa kuti kuika zinthu zofunda m'firiji ndi kuitsegula pafupipafupi kumaoneka pa mita. Kuyeza kwa mphindi imodzi kumene anena bambo a ku Zomba sikukwanira pa firiji. Ndi bwino kulemba mayunitsi otsala pogona, zina zonse zili zozimitsa, n'kudzawerenganso m'mawa.

Ndionjezerenso za mababu a panja. Babu lakale la mawati 100 likayaka usiku wonse, maola 12, limadya mayunitsi 1.2, ndipo nyumba zambiri zimakhala ndi mababu otere atatu kapena anayi amene palibe amawaganizira.

Mayi a ku Area 25 alembanso:

Zikomo kwambiri nonse. Tayesa njira ya kanyale ija, ndipo titayatsa giza kanayamba kuphethira mothamanga moti kuwerenga kwake kunali kovuta. Funso langa lotsala ndi lakuti, kodi n'zoona kuti kuzimitsa giza masana kumawonongetsa mayunitsi ambiri pamene mukuiyatsanso? Anzanga ena amatero.

Wamagetsi wa ku Ndirande ayankhanso:

Zimenezo si zoona, mayi, ngakhale zimanenedwa kwambiri. Giza ikakhala yoyaka tsiku lonse, madzi amataya kutentha pang'onopang'ono ndipo elementi imabwerezabwereza kuyaka kuti iwabwezeretse, pamene ikazimitsidwa madziwo amangozizira kamodzi. Komabe ndisakulonjezeni zambiri, chifukwa pa giza yokutidwa bwino phindu la kuzimitsako limakhala lochepa. Chimene chimasintha kwambiri ndi kuchuluka kwa madzi otentha amene mukugwiritsa ntchito. Munthu wosambira ndowa ya malita 20 amawononga ochepa kuyerekeza ndi amene waima pa shawa mphindi 10.

Muitanenso wamagetsi aone thermostat, yomwe ndi swichi ya pa giza imene imazimitsa elementi madzi akatentha kufika pa madigiri amene inaikidwa. Ikaikidwa pa madigiri 70 kapena kuposerapo mumalipira kutentha kumene mukakuziziritsenso ndi madzi ozizira m'bafa, choncho aitsitse pa 60, koma asapitirire kutsika kwambiri chifukwa m'madzi ofunda chabe mumaswana tizilombo toyambitsa matenda. Aonenso ngati paipi yotayira madzi kunja ikudontha mosalekeza, popeza giza yodontha imalowetsa madzi ozizira nthawi zonse ndipo elementi sipuma. Ponena za nyemba zija, muziziviika m'madzi usiku wonse ndi kuphika mphika uli wovundikira, ndipo zikawira muzitsitsa puleti pa nambala yochepa.