Kuzula flash popanda Eject

Mlendo: Akuluakulu, n'chifukwa chiyani kompyuta imauma, mafayilo n'kuwonongeka, munthu akazula flash mwadzidzidzi?

Wamawaya: Pokopera, deta imayamba yakhala mu RAM (malo osungiramo deta kwakanthawi mu kompyuta), n'kumalembedwa pa flash pang'onopang'ono. Mukazula isanathe, pulogalamu imangodikirira chipangizo choti palibe, ndiye kuumako. FAT32 ndi exFAT, njira zosanjira mafayilo pa flash, zilibe journal (kaundula wa zomwe zikusinthidwa), motero zimawonongeka msanga kuposa njira ya NTFS yomwe ili naye.

Kachipangizo: Kuyambira Windows 10 ya version 1809, flash imakhala pa Quick removal (setting yolola kuizula popanda kudina Eject), komabe musaizule kanyale kake kakuphethira. Ikavuta, ibwezereni, mulembe mu Command Prompt lamulo loikonzera la chkdsk E: /f, E kukhala chilembo cha flash yanuyo.

Wamawaya: Pa Linux samalani kwambiri achimwene. Kukopera kumaoneka ngati kwatha deta idakali mu RAM. Mu terminal lembani sync (lamulo lomalizitsa kulemba deta pa flash), mudikire imalize, kenako umount (lofanana ndi Eject).